Mmene Kameta Anadzazira Mudzi Wathu

Amayi anga ankadziwa nkhuku iliyonse ya pakhomo pathu, make amene anaiswa ndi tambala amene anaibereka. Tinkakhala awiriwiri kumunsi kwa mishoni ya Domasi, pafupi ndi mtsinje. Abambo anamwalira ndili ku pulayimale, ndipo achimwene anga anali atapita ku Blantyre kukasaka ntchito. Nkhuku zinalipo zopitirira makumi atatu: zakuda, zofiira, za kawangi zamawangamawanga ngati nkhanga, ndi thadzi limodzi la nthenga zotembenukira kumwamba. Ndiye panali tambala mmodzi wa kameta.

Kameta ndi nkhuku yopanda nthenga m'khosi. Wathuyo khosi lake linali lofiira psuu, ngati kuti wina anayamba kumusosola kenako n'kuitanidwa kumaliro. Anaswedwa m'mazira amene amayi anapatsidwa ndi mnzawo wa kumvano, ndipo m'mudzi monse analipo yekha. Atambala athu ena awiri ankamuthamangitsa pa madeya, alendo ankamuseka, ine ndinkachita kunyansidwa naye. Choncho amalume anga, amene ankakhala m'phiri kumtunda kwa Malosa, atabwera kudzapempha nkhuku yoti aphere apongozi awo amene ankayembekezera, amayi sanaganize kawiri.

“Tengani wa dazi uyu, achimwene,” anatero. “Mumphika khosi silioneka.”

Amalume anamumanga miyendo, n'kumukoleka pa njinga, ulendo.

Panangopita sabata imodzi, chitopa chinafika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndili fomu 3. Chinayambira pa nyumba ina pamene anagula nkhuku yotchipa kumsika, kenako chinayenda khomo ndi khomo. Ndinkapita kusukulu ndikusiya nkhuku zikufukula, pobwera n'kupeza zina zikuodzera pansi pa mango, mapiko ali pansi, khosi litapindika. Amayi anayesa tsabola m'madzi, anayesa phulusa, anayesa makungwa owawa amene wina anawauza. Palibe chinathandiza. Anthu ena ankafulumira kuzinga n'kudya, koma amayi anakana. Tinakumba dzenje kuseri kwa nthochi ndipo tsiku lililonse ndinkataya ziwiri kapena zitatu. Tsiku limene linafa thadzi la nthenga zotembenuka lija, amayi analinyamula okha kukalitaya kudzenjeko.

Patatha masabata atatu tinatsala ndi mathadzi atatu. Awiri anadwala n'kuchira, ataonda ngati zitsotso. Limodzi lakuda silinadwale n'komwe. M'makomo ena munatsala imodzi, kwina ziwiri, kwina kopanda ndi nthenga yomwe. Tambala kunalibe. M'mawa tinkadzuka ndi kuitana kwa ku mzikiti wa kutsidya, ndipo kangapo ndinachedwa kusukulu.

Kenako amalume anatumiza uthenga. Apongozi awo sanabwere, kunagwa zovuta kwawo, ndipo tambala uja anali moyo, akulira m'phirimo ngati mwini malo. Kumeneko chitopa sichinafike, chifukwa nyumba zake n'zotalikirana. Ine ndinafuna kuti tikamutenge tsiku lomwelo, koma amayi anati adikire. Anasesa khola, kuthiramo madzi otentha ndi phulusa, n'kulisiya lotsegula mpaka mvula yoyamba itagwa. Ndi pamene amalume anatsika naye.

Sindinaonepo nkhuku ikulandiridwa chomwecho. Amene ankamuseka aja ndi amene anayamba kubwera m'mawa, thadzi lili m'khwapa.

“Odi pano! Tamva kuti abwana abwera.”

Amayi sanalipiritse munthu. Ena ankasiya thadzi lawo kwa masiku angapo, ena ankabwereka tambalayo n'kukagona naye kwawo. Tambalayo anazungulira mudzi wonse ngati mlaliki wa chitsitsimutso. Thadzi lathu lakuda litaswa anapiye khumi ndi mmodzi, amayi anawatola mmodzimmodzi n'kuwayang'ana m'khosi. Asanu ndi mmodzi anali a kameta. Kwa mathadzi enawo zinalinso chimodzimodzi, pafupifupi theka. Mmene chaka chimatembenuka, paliponse pamene wadutsa, pa chigayo, pa mjigo, kuseri kwa tchalitchi, umaona makosi ofiira akufukula.

Apa ndi pamene nkhani inabadwa yoti kameta safa ndi chitopa. Sindikudziwa amene anaiyambitsa, koma inamveka bwino m'makutu. Nkhuku zonse zinafa, kameta anatsala, ndiye ukufunanso umboni wanji? Inafika mpaka ku Songani. Loweruka lina ndinaperekeza amayi kumsika ndi misoti inayi, ndipo bambo wina wovala jekete anaima n'kuloza ya kameta.

“Amayi, iyi ndi mbewu ija yosafa ndi chitopa?”

“Ndi ana a tambala ameneyo, inde,” amayi anayankha. “Koma zoti safa sindikudziwa.”

“Aa, inu mwini wake osadziwa? Anthu onse akunena.”

“Anthu onse kunalibe pamene ndinkamumanga miyendo. Tambalayo sanakumane ndi chitopa, bambo. Anali kuphiri. Munthu amene anali paulendo nyumba ikupsa simungamutche wosapsa.”

Bamboyo anaseka, n'kupita kukagula kwa mayi wina amene analumbira kuti zake sizifa. Pobwerera ndinali nditakwiya. Ndinati akanangokhala chete, sikunali kunama. Amayi anangosintha dengu pamutu n'kunena kuti munthuyo akanapita kwawo n'kukagona tulo podalira mawu awo, ndipo iwo sakanagona.

Chaka chimenecho ndinali fomu 4, ndipo tinafika pa mutu wa mmene zamoyo zimasinthira m'mibadwo. Aphunzitsi athu a bayoloje anali bambo wamtali, wofatsa, wokonda kupukuta choko pa thalauza. Anatifotokozera za agulugufe a ku Mangalande, oyera ndi akuda, amene ankatera pa mitengo yodetsedwa ndi utsi wa mafakitale, mbalame n'kumatola oyerawo chifukwa ankaoneka msanga. Tinkalemba, koma palibe amene anaonapo mtengo wakuda ndi utsi. Kenako mnzathu wina kumbuyo anakweza dzanja.

“Sala, ndiye kuti zili ngati kameta? Chitopa chinapha zofooka, n'kutsala wolimba, ndiye ana ake achuluka.”

Aphunzitsi anasangalala. Anati chimenecho ndi chitsanzo chabwino kuposa cha m'buku, n'kuyamba kuchilemba pa bolodi. Ine sindinali munthu woyankhula m'kalasi. Koma ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

“Sala, si zoona. Tambalayo ndi wathu. Sanadwale chifukwa kunalibe.”

Anthu anaseka, koma aphunzitsi anaima choko chili m'manja. Anandiuza kuti ndifotokoze zonse kuyambira pachiyambi. Nditamaliza anafufuta zimene analemba zija, n'kundifunsa ngati amayi angalole kuti adzacheze nawo.

Anabwera Loweruka pa njinga. Amayi anavala chitenje chawo chabwino, n'kuwayalira mkeka pansi pa mango, ali ndi nkhawa yoti mwina ndalakwa kusukulu. Atamva kuti nkhani ndi ya nkhuku, anamasuka n'kuwaza madeya kuti zonse zibwere pafupi.

“Amayi,” aphunzitsi anayamba, “mwana wanu wandigwira bodza pamaso pa kalasi. Tandiuzani, inu mukuona kuti kameta wachuluka chifukwa chiyani?”

“Poyamba ndi mwayi basi, aphunzitsi. Ndikanapereka tambala wofiira kwa achimwene, bwenzi lero mudzi wonse uli wofiira, anthu akunena kuti zofiira sizifa. Ngati pali nkhuku zimene zinalimbana ndi chitopa, ndi izi.” Analoza mathadzi atatu aja. “Awa anagona m'khola limodzi ndi zakufa. Kaya ali ndi chiyani m'magazi, sindikudziwa, mwinanso nawo ndi mwayi. Koma ine ana awo aakazi sindigulitsa onse. Ndipo taonani, onse atatu ali ndi nthenga m'khosi.”

Aphunzitsi anali atatulutsa kabuku.

“Chachiwiri ndi mpeni,” amayi anapitiriza. “Panopa mlendo akabwera, munthu akugwira ya nthenga n'kuzinga, ya kameta akuisiya poti akuti ndi mankhwala. Ndiye yotsala kubereka ndi iti?”

“Ndiye kuti kameta alibe ubwino uliwonse?”

“Ayi, ali nawo. Kukatentha zinzake zimayasamula kukamwa pansi pa nkhokwe, iye ali kalikiliki kufukula. Chimenecho ndachiona ndi maso. Koma kutentha si chitopa.”

Kenako anawaonetsa chinthu chimene ine ndinali ndisanachizindikire ngakhale ndinkakhala pakhomo pomwepo. Anagwira nkhuku ziwiri za kameta. Ina inali ndi kamtolo ka nthenga kutsogolo kwa khosi ngati ndevu, inayo inali mbee mpaka pa chifuwa. Anati ya ndevuyo yatenga ukameta mbali imodzi, ndipo ikakwatirana ndi ya nthenga, ana amatuluka osakanikira. Ya mbeeyo yatenga kwa bambo ndi kwa mayi komwe, ndipo iwo anali asanaonepo ikuswa mwana wa nthenga m'khosi. Anati za mbeezo zinayamba kuoneka mochedwa, ana a tambala uja atayamba kuberekana okhaokha.

Aphunzitsi anavula magalasi. Anati zimene amayi anena zili m'buku lathu mitu iwiri, ndipo iwo anakhala zaka zingapo ku koleji kuti azimve. Anafotokoza kuti palibe nkhuku imodzi imene inathothoka nthenga n'kusanduka kameta. Iliyonse inafa mmene inabadwira. Chimene chinasintha ndi gulu lonse la nkhuku za m'mudzi, kuti mwa nkhuku khumi, zingati zili ndi chibadwa chakuti. Kusintha kwa zamoyo kumayambira pamenepo, anatero, kaya chikusankha ndi matenda, kaya dzuwa, kaya mpeni, kaya mwayi chabe gulu likachepa.

“Kodi ndi maphunziro a anyani aja?” amayi anafunsa, chifukwa nkhani yoti anthu anachokera kwa anyani anali ataimvapo kutchalitchi.

“Ndi omwewo, amayi.”

“Za anyani sindinganene kanthu, sindinawetepo. Koma za nkhukuzi ndi mmene zilili.”

Lolemba lake aphunzitsi anaphunzitsanso mutu uja, ndipo pa bolodi analemba kuti “Nkhuku za mayi wa kumunsi kwa mishoni.” Ine ndinakhala pa desiki osafuna kuti aliyense aone kuti ndikumwetulira. Kuyambira ndili mwana ndinkadziwa kuti amayi ndi olimbikira. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti ndi anzeru, mayi amene analekeza sitandade 4.

Nditalemba mayeso ndinakhala pakhomo chaka chathunthu kudikira malo a koleji, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene vuto lina linayamba. Thadzi linkafungatira mazira khumi ndi awiri, n'kuswa asanu, enawo osukusa. Anapiye ena ankatuluka ndi zala zopindika, ena ankangofa sabata yoyamba popanda matenda ooneka. Sizinali kwathu kokha. Anthu anayamba kunena za mphepo yoipa ndi za maso a anansi. Amayi anati palibe mfiti pamenepa.

“Tambala aliyense m'mudzi muno ndi mwana kapena mdzukulu wa uja. Akukwatira alongo ake, azakhali ake. Kodi ife timalola zimenezo? Magazi afupika.”

Kutsidya kwa mtsinje kunali mnzawo wakale, mayi wachisilamu wogulitsa mpunga, amene anakulira limodzi potunga madzi. Amuna awo ndi amene ankatizingira nkhuku tikakhala ndi mwambo, kuti aliyense adye nawo momasuka. Mayiwa anali atayambanso kuweta ndi nkhuku zimene anabwera nazo kuchokera kwa abale awo kutali, mbali ya ku Liwonde. Tinanyamula tambala wachinyamata wa kameta, tinawoloka pa miyala, ndipo tinawapeza akupeta mpunga pakhonde.

“Achemwali, ndabwera ndi mkamwini,” amayi anatero atapatsana moni. “Inu mundipatse wanu.”

“Wa dazi ameneyu? Ana anga akaopa,” anaseka mayiwo. “Nanga wanga wakulakwirani chiyani kuti akakhale ku Chikhristu?”

Amayi anafotokoza za mazira osukusa. Ine, pofuna kuonetsa sukulu, ndinalowerera.

“Vuto ndi majini, amayi. Nkhuku zathu zonse zili ndi majini ofanana.”

Mayiwo anaika lichero pansi. “Majini? Ndiye mukubwera nayo pakhomo panga?”

Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Ndinayesa kufotokoza kuti sindikunena ziwanda, kuti kusukulu mawuwo amatanthauza tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake. Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

“Musiyeni uyu, achemwali, sukulu yamukwana. Akunena za mtundu. Zili ngati mpunga wanuwu, mukamabzala wa munda umodzi zaka zonse.”

“Ndiye bwanji osangonena choncho?” anatero mayiwo, n'kuitana mdzukulu wawo kuti agwire tambala wakuda, wamiyendo yaitali.

Tinabwerera naye, ndipo amayi anagulitsa atambala ena onse a pakhomo, woyamba uja n'kumutsekera payekha, kuti mlendoyo asapikisane ndi aliyense. Kuswa kotsatira kunali kwa anapiye khumi mwa mazira khumi ndi awiri, onse oyenda bwino. Amayi anauza anzawo a kumvano, ndipo chinakhala chizolowezi chawo kusinthana tambala ndi midzi ina chaka chilichonse kapena ziwiri. Tambala woyamba uja anafa ndi ukalamba. Amayi anakana kuti adyedwe.

Chitopa chachikulu chinabweranso ndili chaka chachitatu ku koleji. Nthawi imeneyo kunali kutabwera katemera wodonthezera m'diso la nkhuku, ndipo alangizi ankayenda m'midzi kuuza anthu. Amayi anali oyamba kugwira zawo. Anayenda khomo ndi khomo kuchonderera anzawo, koma ambiri ankayankha kuti zawo ndi za kameta, sizifuna mankhwala. Nditabwera pa holide ndinapeza makola ambiri ali pululu. Kameta anafa ngati nkhuku ina iliyonse. Kwathu kunafa ziwiri zokha.

Ndinkaganiza kuti amayi anyadira kuti mawu awo akwaniritsidwa, koma sanatchule n'kamodzi komwe. Chinawapweteka ndi chakuti bodzalo linayambira pa tambala wawo. Anagawa misoti kwa amene anatsala opanda kanthu, ndipo alangizi atafuna munthu woti aziyenda ndi katemera m'mudzi, anthu anasankha iwo. Anagwira ntchito imeneyo zaka zambiri, kabotolo atakakulunga m'kansalu konyowa kuti kasatenthedwe, kutuluka kusanache bwino nkhuku zisanatsegulidwe.

Ine ndinakhala mphunzitsi wa bayoloje, ndipo patapita nthawi ananditumiza pa sukulu ina ya sekondale m'chigwa chomwechi cha Domasi. Mutu umenewu ndimauphunzitsa ndi nyemba. Ndimathira zofiira, zoyera ndi zamawanga m'thumba, mwana n'kutapa zochepa ali chitsinzinire, ndipo zimene watapazo ndi zimene zapulumuka kuti zibereke. Tikabwereza kangapo, ana amaona okha mtundu wina ukutha m'thumbamo popanda cholakwa chilichonse. Chaka china, amayi atayamba kuyenda ndi ndodo, ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti ndibwere nawo m'kalasi. Amayi anakana masiku atatu, ati iwo sadziwa Chingerezi. Tsiku lachinayi ndinawapeza atavala kale, akundidikira pakhonde.

Ndinawaikira mpando kutsogolo. Ana anaimirira n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha ndi kuwomba m'manja pang'ono ngati afika pa bwalo. Atafika pa nkhani ya kutsidya kwa mtsinje anali atayiwala kuti ali m'kalasi, ndipo sanandibisire manyazi anga a majini aja. Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Mtsikana wina wa pa desiki yoyamba anafunsa kuti, mwa mitundu yonseyo, nkhuku yabwino kwambiri ndi iti kuti anthu aziweta yokhayo.

“Mwanangu, usadzawete mtundu umodzi,” amayi anayankha. “Chaka chotentha chimafuna ina, chaka cha mphamba chimafuna yakuda yobisala msanga, ndipo matenda a mawa sitikuwadziwa. Sunga zosiyanasiyana.”

Ine ndinali nditakonza kuti ndimalize ndi mawu a m'buku, koma ndinangouza ana kuti alembe zimenezo. Belu litalira, anawo anatuluka akukangana za nkhuku za kwawo. Ndinayamba kufufuta bolodi, ndipo nditatembenuka ndinapeza amayi atagwada pansi, ndodo ili pambali, akutola nyemba zimene ana anamwaza pansi pa madesiki.

“Amayi, zisiyeni, asesa.”

“Asese mbewu?” anatero. “Zamawangazi n'zosowa masiku ano. Unazigula kuti?”

Ndinagwada nawo, tinatola zonse, ndipo anazimanga pa nsonga ya chitenje. Mvula itagwa anakazibzala m'mphepete mwa chimanga.